Imvi za pa kanema: mbiri ya mmene masewero amapangira nkhalamba ndi ana

Sabata ino ndi nthawi yanga yolemba, ndipo ndasankha nkhani imene ndikukhulupirira kuti iwathandiza achinyamata athu amene akuphunzira zofalitsa nkhani ndi zakanema, kaya ku MUBAS, ku MIJ, ku Chanco kapena kunja. Enafe amene timangoonera masewero madzulo tikaweruka kumsika, nafenso ikutikhudza. Funso lake nali: kanema amatiuza bwanji kuti uyu ndi gogo, uyu ndi mwana, uyu ndi mnyamata wosamva? Yankho langa ndi loti zaka za munthu wa m'sewero sizichokera pa chiphaso chake chobadwira. Zimachita kukonzedwa ndi manja a anthu, ndipo kakonzedwe kameneka kali ndi mbiri yake.

Tiyambe ndi chitsanzo chimodzi. Mu 1985 wayilesi ya kanema ya NBC ku America inayamba kuonetsa sewero lotchedwa The Golden Girls, lonena za amayi anayi achikulire okhala nyumba imodzi mumzinda wa Miami. Estelle Getty ankasewera ngati Sophia, mayi wa Dorothy, ndipo Dorothy anali Bea Arthur. Chodabwitsa n'choti mayiyo anali wamng'ono kwa mwana wake: Arthur anabadwa mu 1922, Getty mu 1923. Oonera sanadandaule mpaka sewerolo linatha mu 1992. Bwanji? Getty anamuveka wigi yoyera, magalasi aakulu ndi juzi, n'kumupatsa kachikwama ka m'manja kamene sankasiyana nako. Analinso wamfupi, pamene Arthur anali wamtali, ndiye akaima pamodzi Sophia ankaoneka ngati munthu amene zaka zamufinya. Zinthu zinayi kapena zisanu basi, ukalamba wapezeka.

Ife tisanakhale ndi kanema

Luso limeneli silinabwere ndi magetsi ayi. Amene munakulira m'midzi ya Achewa mukumudziwa Chadzunda wa gule wamkulu. Nkhope yake ndi yamakwinya, mano operewera, ndevu za imvi, ndipo amalowa m'bwalo motsimphina ngati munthu amene mawondo anamuthera. Ng'oma ikakolera amavina mwamphamvu mpaka fumbi kobo. Tikaonetsetsa, zizindikiro za ukalamba zonse zilipo, koma uthenga wake si wonyoza. Chadzunda ndi mkulu wa bwalo, ndipo kutsimphinako sikumulanda ulemu.

Kusukulu nakonso tinali ndi njira zathu. Pa mipikisano ya zisudzo ya ATEM m'masekondale, mwana wa Fomu 3 akapatsidwa mbali ya agogo ankathira choko kapena ufa m'mutu, kuvala jekete ya aphunzitsi, kutenga ndodo, kupinda msana, n'kumayankhula monjenjemera. Papulatifomu zimenezi n'zomveka, chifukwa munthu wokhala kumbuyo kwa holo ayenera kudziwa msanga kuti walowayu ndani. Zizindikiro ziyenera kukhala zikuluzikulu.

Kenako pali wayilesi. MBC inayamba mu 1964, ndipo m'nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda dziko lino linalibe wayilesi yakeyake ya kanema. Television Malawi inatsegulidwa mu 1999. Ndiye kuti kwa zaka 35 sewero la m'nyumba mwathu linali la khutu: Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino. Pawayilesi sungaonetse imvi. Ukalamba umamveka m'mawu: kuyankhula pang'onopang'ono, kutsokomola, kugogoda ndodo pansi, kuti "mdzukulu wanga", ndi kuthira miyambi. Wachinyamata amamveka ndi liwiro la pakamwa ndi Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi. Apa pali chinthu chofunika kuchigwira. Khutu lathu linazolowera kuti nkhalamba ndi ya kumudzi ndipo imayankhula zakale, pamene wachinyamata ndi wa m'tauni ndipo amadziwa zatsopano. Kanema atafika anapeza maganizo amenewa atakhazikika kale.

Njira zitatu za kunja

Nthawi imene ife tinkamvera, anzathu ku Britain anali ataonera kale kwa zaka zambiri, ndipo mbiri yawo ikutionetsa njira zitatu zimene okonza masewero amagwiritsa ntchito.

Yoyamba ndi yopenta. Mu Dad's Army, sewero la BBC limene linayamba mu 1968, Clive Dunn ankasewera ngati Corporal Jones, mdala wogulitsa nyama amene anamenyapo nkhondo zakalekale. Dunn anabadwa mu 1920, ndiye anali ndi zaka 48 zokha. Ndevu zoyera, timagalasi, ndi kuchedwa kuponda phazi anzake onse ataponda kale, zinakwanira. Iyi ndi njira ya choko ija, kungoti ili ndi ndalama.

Yachiwiri ndi yodikira. Coronation Street inayamba pa 9 December 1960, ndipo William Roache wakhala akusewera ngati Ken Barlow kuyambira tsiku loyambalo. Analowa ali mnyamata wa zaka 28 ndipo wakalambira pamaso pa oonera kwa zaka zoposa 60. Imvi zake palibe anachita kupenta. M'sewero lomweli munali Ena Sharples, mayi wachikulire wovala kaneti m'mutu ndi chikhoti chachikulu, amene ankakhala pakona ya malo omwera ndi anzake awiri n'kumaweruza aliyense wodutsa. Kanetiko kanangosanduka chizindikiro: ukakaona, wadziwa kuti pakamwa pakubwera moto.

Yachitatu ndi yosintha munthu. The Crown, sewero la Netflix lonena za Mfumukazi Elizabeth II, linayamba mu 2016 ndi Claire Foy, kenako linatenga Olivia Colman, n'kumaliza ndi Imelda Staunton mu 2023. Amayi atatu osafanana nkhope, koma tsitsi, mikanda ya m'khosi, kachikwama ndi kayankhulidwe zinkatiuza kuti ndi munthu mmodzi amene akukula.

Ku Britain komweko ndi kumene ophunzira ambiri amalemba mayeso a phunziro limeneli. Kale pa mayeso ena ankawaonetsa kachigawo kakafupi ka sewero kangapo, n'kuwafunsa kuti afotokoze mmene kakuonetsera gulu lina la anthu, monga okalamba kapena achinyamata. Zida zoti ayang'ane zinali zinayi: kamera, kudula ndi kulumikiza zithunzi, mawu ndi nyimbo, ndiponso zonse zimene zaikidwa patsogolo pa kamera, monga zovala, malo ndi kuwala. Chachinayichi a sukulu amachitchula ndi mawu achifalansa akuti mise-en-scène. Zida zinayizi tiyeni tiziyese pa zimene ife taonera.

Kanema afika kwathu

TVM itatsegulidwa, anthu amene tinkangowamva kapena kuwaonera m'maholo tinayamba kuwaona pabalaza. Izeki ndi Jakobo, amene anali malemu a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, analowa m'nyumba zathu. Tikuferanji, sewero lophunzitsa za Edzi, linatchukitsa a Michael Usi ndi dzina loti Manganya, ndipo mu 2024 iwowa anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ambiri mwa a zisudzo athu anachokera papulatifomu ndi pawayilesi, ndiye anabwera ndi zizindikiro zakumeneko. Koma kamera si holo. Imafika pafupi ndi nkhope, ndipo ufa wa m'mutu umaoneka kuti ndi ufa. Zotsatira zake n'zoti gogo wopentedwa amaseketsa asanayankhule n'komwe, ngakhale nkhani yake ikhale ya maliro.

Pa zovala ndikhoza kuyankhula ndi mtima wonse chifukwa ndimagulitsa kaunjika. Anyamata a magulu a zisudzo akabwera pabenchi panga kudzafuna "jekete ya mdala", amasankha yaikulu kuposa thupi, yofwifwa, yothothoka mabatani. Akafuna "za gogo" amatenga chijuzi chotayika khosi ndi duku wakuda. Koma agogo enieni akabwera, eee, amatembenuza belo lonse. Amayang'ana msoko, amayesa m'mapewa, amafunsa ngati nsaluyo isuluke, chifukwa akufuna yopitira kutchalitchi kapena kuchinkhoswe cha mdzukulu. Apa mukuona kuti chovala cha m'sewero sichikunena za zaka zokha. Chikunena kuti ukalamba ndi umphawi ndi kusadzisamala, pamene eni ake ukalambawo sakunena choncho.

Mdala wa mikanda ndi gogo wa koloboyi

Mphunzitsi wamkulu wa maso athu sanali TVM yokha. Anali mafilimu a ku Nigeria. Msika wawo unatseguka ndi Living in Bondage mu 1992, filimu ya m'chilankhulo cha Igbo imene inagulitsidwa pa matepi. Pofika m'zaka za m'ma 2000 anali atadzaza m'mavidiyo sho a m'misika yathu, ndipo mu 2003 DStv inatsegula Africa Magic, imene inawaika pa kanema tsiku ndi tsiku. Pambuyo pake kunabwera anyamata owamasulira m'Chichewa, ndiye ngakhale amene sadziwa Chingerezi anatsatira bwinobwino.

M'mafilimu amenewa muli nkhalamba ziwiri zimene tonse tikuzidziwa. Yoyamba ndi mfumu kapena bambo wolemera, mbali imene Pete Edochie waisewera kambirimbiri. Mkulu ameneyu anabadwa mu 1947, ndipo anatchuka mu 1987, ali ndi zaka 40, atasewera ngati Okonkwo m'sewero la pa kanema la Things Fall Apart. Taonani mmene mfumu yotere imajambulidwira. Yakhala pampando wautali, yavala chipewa chofiira ndi mikanda. Kamera ili m'munsi ikuyang'ana m'mwamba, ndiye ifenso oonera tili ngati tagwada. Ikamayankhula, chithunzi sichidulidwa msanga. Amaisiya imalize mwambi wonse, ena onse ali chete. Kuchedwa kwake kukutanthauza mphamvu.

Yachiwiri ndi mayi wokalamba wosauka, kawirikawiri wamasiye, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Iyeyu amajambulidwa usiku, m'kanyumba ka mdima, kuwala kukuchokera pa koloboyi amene ali pansi pa chibwano kuti makwinya azame. Kamera imafika pafupi kwambiri, pa maso ndi pa mano, kapena imamuyang'ana kuchokera pamwamba ngati kanthu kogwa pansi. Kunja kadzidzi akulira, nyimbo ikungoti nduu. Nayenso amayankhula mochedwa, koma kuchedwa kwake kukutanthauza chiwembu. Patience Ozokwor, amene anabadwa mu 1958, anatchuka ndi mbali za apongozi ankhanza ali m'zaka za m'ma 40 zokha, mpaka anthu ena kumamuda ngati amamudziwa.

Zaka za anthu awiriwa zikhoza kukhala zofanana. Chowasiyanitsa ndi chuma, komanso kuti wina ndi bambo wina ndi mayi. Ophunzira, apa mpamene pali mamalikisi: musamangolemba kuti "sewero likuonetsa okalamba molakwika". Funsani kuti ndi wokalamba uti, ali ndi chiyani m'thumba, ndipo kamera yaima pati.

Chida choopsa kwambiri pa zinayi zija ndi kulumikiza zithunzi. Zaka pafupifupi 100 zapitazo, katswiri wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya munthu wosaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa. Anachilumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenakonso ndi mayi wogona pampando. Oonera anati munthuyo ali ndi njala, ali ndi chisoni, ali ndi chilakolako, chikhalirecho nkhope inali yomweyo. Tsono tengani gogo akumwetulira pakhonde. Mukalumikiza ndi mdzukulu akubwera kusukulu, ndi gogo wachikondi. Mukalumikiza ndi khanda likudzidzimuka kutulo n'kuyamba kulira, mwamupanga mfiti. Gogoyo sanachite kanthu. Wachita ndi munthu amene wakhala pa kompyuta.

Ana ndi achinyamata

Ubwana nawonso umapangidwa. Ndani sadziwa Aki ndi Pawpaw? Chinedu Ikedieze anabadwa mu 1977, Osita Iheme mu 1982, ndipo pamene Aki na Ukwa inkawatchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, onse awiri anali anthu akuluakulu. Misinkhu yawo inathandiza, inde, koma yokha sikanakwanira. Anawaveka makabudula, n'kuwaimika pafupi ndi anthu aatali, kamera n'kumawayang'ana kuchokera pamwamba, kumbuyo kukulira kanyimbo kachibwana. Kuseketsa kwake kunkachokera pa kusemphana: thupi ndi zovala zikuti mwana, koma nzeru ndi pakamwa zikuti munthu wamkulu.

Ku South Africa, Yizo Yizo inayamba pa SABC1 mu 1999, chaka chomwe ife tinkatsegula TVM. Linali sewero la pasukulu ya m'dera la anthu akuda, lodzaza ndi kwaito, chilankhulo cha mumsewu, kamera yoyendayenda ndi zithunzi zodulidwa mwaliwiro. Unyamata unaonetsedwa ngati phokoso, liwiro ndi ngozi, moti gawo lachiwiri litatuluka mu 2001 aphungu ena anafuna kuti sewerolo liletsedwe. Kuyambira pamenepo diso lathu linaphunzira galamala ina: chithunzi chothamanga ndi cha achinyamata, chithunzi chodekha ndi cha akulu. Koma kumbukirani kuti mnyamata wosenza matumba kumsika m'mawa mpaka madzulo kuti alipirire mng'ono wake fizi nayenso ndi wachinyamata, kungoti moyo wake sukhala ndi nyimbo ya kwaito kumbuyo.

Chifukwa chake nkhaniyi si ya mayeso okha

Wina anena kuti mayi inu, ndi masewero chabe awa, tisiyeni tiseke. Kuseka sindikuletsa. Koma kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Ndiye kuti olemba masewero, ojambula, osewera ndi oonera, ambiri ndi achinyamata. Okalamba amajambulidwa, koma sagwira kamera. Chithunzi chawo chili m'manja mwa ena.

Mu January 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Anawanena kuti ndi afiti. Nkhani zotere zakhala zikumveka m'maboma ena mpaka lero, ndipo bungwe la MANEPO, loyang'ana za okalamba, lakhala likudandaula nazo. Lamulo la zaufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Sindikunena kuti kanema ndi amene anapha anthu ku Neno. Mantha a ufiti analipo kanema asanabwere, ndipo umphawi, matenda ndi mikangano ya minda zimakolezera. Chimene ndikunena n'choti gulu la anthu likakwiya n'kumafuna woti limuloze chala, limafuna nkhope imene laizolowera kale. Mwana amene waona gogo wa koloboyi uja kambirimbiri asanafike Sitandade 8 sachedwa kuizindikira nkhopeyo pa agogo a kuseri kwa nyumba yawo.

Chomvetsa chisoni n'choti m'zaka zomwezo zimene tinkaonera mafilimu amenewa, Edzi inali itasiya ana ambirimbiri m'manja mwa agogo awo. Amayi omwewo amene kanema ankawapatsa kadzidzi ndi mdima ndi amene ankalima, kuphika ndi kugulitsa timasamba kuti ana amasiye apite kusukulu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero, koma kamera yathu sinapite kawirikawiri kudamboko.

Njira ina ilipo. Mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019 yonena za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mfumu yokalamba imaimirira pamsonkhano wa ndale n'kunena poyera za njala imene ikubwera, ndipo imamenyedwa chifukwa cha zimenezo. Apa nkhalamba ndi imene yapatsidwa choonadi ndi kulimba mtima. The Golden Girls ija nayonso inapatsa amayi achikulire nthabwala, zibwenzi, mikangano ndi mapulani a mawa, ndipo anthu anaonera kwa zaka 7.

Kwa inu ophunzira

Mukapatsidwa kachigawo ka sewero, yambani mwatseka mawu. Onani amene ali pakati pa chithunzi ndi amene ali m'mbali, amene kamera ikumuyang'ana kuchokera pansi ndi amene ikumuyang'ana kuchokera pamwamba. Kenako tsegulani mawu koma mutsinzine, mumve nyimbo imene ikulowa wokalamba akamalowa. Kachitatu werengani masekondi: gogo akuyankhula nthawi yaitali bwanji asanamudule, ndipo akamudula akutionetsa nkhope ya ndani? Ngati ndi ya mnyamata akukweza maso kumwamba, sewerolo latiika mbali ya mnyamatayo osatifunsa. Onaninso mayina kumapeto. Ngati ena onse ali ndi mayina koma iye wangolembedwa "Gogo", chimenecho n'choyenera kulowa m'yankho lanu.

Polemba, chiganizo chilichonse chikhale ndi zinthu zitatu: chida chimene chagwiritsidwa ntchito, chimene chikutipangitsa kumva, ndi maganizo a anthu amene chikuwalimbikitsa kapena kuwatsutsa. Mwachitsanzo: kuwala kochokera pansi kukuzamitsa makwinya a mayiyu, zimene zikutichititsa kumuopa asanachite cholakwa chilichonse, ndipo izi zikulimbikitsa maganizo oti mayi wokalamba wokhala yekha ndi wokayikitsa. Mukatero mwafotokoza, simunangobwereza nkhani.

Kwa anzanga a m'gulu lino amene mukulemba masewero, ena mwa inu mukujambula ndi mafoni n'kumaika pa YouTube ndi TikTok, pempho langa ndi laling'ono. Mbali ya agogo ikapezeka, yesani kaye kufunsa agogo enieni ngati angasewere. M'makwaya ndi m'magulu a amayi a m'mipingo muli aluso ambiri. Apatseni dzina, muwalole asankhe okha chovala, ndipo kamera muiike molingana ndi maso awo.

Tionana sabata yamawa.